Kusamutsira m'Nkhokwe Yaing'ono: Malangizo kwa Achinyamata Osintha Disiki ya Laputopu pa Nsaru

Malaputopu ambiri amene amafika pa tebulo la wokonza makompyuta pa Nsaru ndi akaunjika: ma HP, ma Dell ndi ma Lenovo amene anagwira kale ntchito m'maofesi a ku Ulaya, ku Dubai kapena ku Joni. M'kati mwake mumakhala hadi disiki ya 500 GB kapena ya 1 TB, kabokosi kachitsulo kokhala ndi timbale tozungulira maulendo 5,400 pa mphindi imodzi, ndi kamkono kowerenga koyandama pamwamba pa timbaleto osatikhudza. Chiwalo chimenechi ndicho chimayamba kutopa. Laputopu imayenda pa kabaza m'misewu ya mabampu yochokera kumidzi ya kwa Gogo Chalo Kabudula, imazima mwadzidzidzi magetsi akathima chifukwa batire inafa kalekale, ndipo pamapeto pake mwini wake amaiyatsa n'kupita kukatereka madzi a tiyi isanatseguke. Mankhwala ake masiku ano ndi SSD, disiki yopanda chozungulira, imene saiopa kugwedezeka ndipo imadzutsa Windows m'kanthawi kochepa. Vuto n'lakuti thumba la mphunzitsi, la mlangizi wa zaulimi kapena la mlembi wa kopaletivi kawirikawiri limangokwana SSD ya 256 GB, mwinanso ya 128 GB. Katundu wa m'nkhokwe yaikulu ayenera kulowa m'nkhokwe yaing'ono, ndipo makinawo ayake ngati palibe chimene chachitika.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kuika Windows yatsopano pa SSD n'kuyamba zonse pachiyambi. Yachiwiri ndi imene amisiri amati kuklona: kujambula disiki yonse monga ilili, Windows, mapulogalamu, madiraiva a pulinta, mafayilo ndi tizigawo tobisika timene timadzutsa makina. Kukoka mafoda ndi mausi kuchoka pa disiki ina kupita pa ina si kuklona, ndipo disiki yokoperedwa motero siyatsa laputopu. Luso lakeli si la dzulo. Pulogalamu yotchedwa Ghost, imene inalembedwa ku New Zealand ndipo kampani ya Symantec inaigula mu 1998, inkagwira ntchito yomweyi.

Achinyamata ambiri amathamangira kufomata chifukwa n'kosavuta, ndipo kamba ka changu chotere anthu ataya zinthu zimene sangazipezenso. Mlembi wa kalabu ya alimi angakhale ndi pulogalamu yowerengetsera ngongole za feteleza imene anamuikira munthu wa bungwe lina, amene pano sakudziwika kumene ali. Kukokanso madiraiva ndi zonse zimene Windows imafuna pa intaneti kumatha bando ya Airtel kapena ya TNM tsiku limodzi. Makina otere ndi oyenera kuklona. Komabe kuklona sikusankha. Laputopu ya pamalo obenera nyimbo, imene imalandira mafulashi ndi mamemore khadi a msika wonse, imakhala ndi mavairasi osandutsa mafoda kukhala mashotikati, ndipo kuiklona kuli ngati kuthira chimanga cha anankafumbwe m'thumba latsopano. Imeneyo ndi yofunika kupulumutsa mafayilo okha n'kuika Windows yatsopano.

Asanalonjeze chilichonse, mmisiri ayambe wamva umoyo wa disiki yakaleyo. Aike khutu pafupi ndi kiyibodi makina ali chiyakire. Disiki yabwino imangong'ung'udza chapansipansi. Yodwala imalira kuti tiki, tiki, tiki, kuima, n'kuyambiranso. Kenako atsegule CrystalDiskInfo, pulogalamu yaulere yowerenga zimene disiki imalemba yokha za umoyo wake. Ikaonetsa chikasu ndi mawu akuti Caution, kapena kufiira, ndiye kuti malo ena pa timbale tija awonongeka. Disiki yotere saikakamiza kuwerenga zonse kwa maola. Choyamba ndi kutolera zofunika kwambiri, monga malipoti, zikalata ndi zithunzi, n'kuziika pena, chifukwa ola lililonse limene ikuzungulira lingakhale lomaliza. Pulogalamu ya ddrescue imatha kukoka zotsala pa disiki yodwala, koma imafuna kotula kofanana kukula kapena koposa, motero SSD yaing'ono singathandize pamenepo.

Disiki ikapezeka kuti ili bwino, chotsatira ndi kuyeza, ndipo apa manambala amanyenga. Opanga madisiki amawerenga gigabayiti m'magulu a 1,000, pamene Windows imawerenga m'magulu a 1,024. N'chifukwa chake disiki yolembedwa 500 GB imaoneka 465 GB, ya 1 TB imaoneka 931 GB. SSD ya 256 GB imapereka 238 GB, ya 240 GB imapereka 223 GB, ya 128 GB imapereka 119 GB, ndipo ya 120 GB imapereka 111 GB. Kasitomala akafunsa kumene kwapita magigabayiti enawo, sanaberedwe, ndi kawerengedwe chabe. Pamwamba pa izo, SSD yodzaza mpaka pakhosi imayamba ulesi, ndipo Windows imafuna malo opumira ikamalandira zatsopano. Kusiya gawo limodzi mwa magawo 5 lopanda kanthu ndi nzeru. Choncho pa SSD ya 256 GB katundu asapitirire 190 GB, pa ya 128 GB asapitirire 95 GB. Windows 11 payokha imafuna disiki yosachepera 64 GB. SSD ya 128 GB imakwanira munthu wolemba makalata ndi mayeso basi; wojambula mavidiyo a maukwati auzidwe mosabisa kuti akutaya ndalama.

Zipangizo zambiri zimagulidwa mu mzinda wa Lilongwe, ndipo wogula cholakwika amalipira thiransipoti kawiri. Safunsa anadya phula. Asanakwere minibasi, mmisiri atsegule laputopuyo kapena afufuze nambala yake, aone polumikizira. Makina akale amalandira SSD ya SATA ya mainchesi 2.5, yofanana maonekedwe ndi hadi disiki ija. Ena ali ndi kamalo ka M.2, ka SSD yopyapyala ngati kachidutswa ka rula, ndipo za M.2 zilipo mitundu iwiri, SATA ndi NVMe; kamalo kena kamalandira mtundu umodzi wokha ngakhale winawo utalowa bwinobwino. Kujambula polumikizirapo ndi foni n'kukaonetsa wogulitsa kumathetsa mikangano yambiri. Agulenso kachingwe kapena kabokosi kolumikizira SSD ku USB, poti popanda icho madisiki awiriwo sangaonane.

Pali ma SSD achinyengo, monga alili mafulashi achinyengo: kunja kulembedwa 512 GB, kompyuta nayo n'kuvomera, koma m'kati muli malo ochepa kwambiri, ndipo akadzaza imayamba kufufuta zakale mwakachetechete. Pulogalamu ya H2testw imadzaza disiki yonse n'kuiwerenganso, ndipo bodza limaonekera pomwepo. Zimatenga nthawi, koma ndi bwino kudziwa lisiti likadali m'thumba. SSD yogwiritsidwapo kale ntchito nayo ipimidwe ndi CrystalDiskInfo, imene imaonetsa maola amene yakhala ikuyaka.

Tsopano ndi nthawi yopeta, ndipo ntchito yeniyeni yagona pamenepa. Mlimi wa ku Nsaru amadziwa kuti chimanga chodzaza nkhokwe chikasendedwa ndi kutonoledwa chimalowa m'matumba owerengeka. Zambiri zinali makoko ndi zitsononkho. Disiki nayo ndi chimodzimodzi. Mwachitsanzo, laputopu ya mphunzitsi ingaonetse kuti 310 GB yadzaza. Pulogalamu ya WinDirStat ikaiyala pa sikirini m'timabokosi tamitundumitundu, zimapezeka kuti mafilimu a ku Nigeria ndi a ku Korea adya 120 GB, foda ya Downloads ili ndi zinthu zokokedwa kawirikawiri, Recycle Bin sinakhuthulidwepo, ndipo foda ya Windows.old ikusunga Windows yakale imene palibe akuifuna. Masikimu, mayeso ndi malikisi a ana, zimene ndiye moyo wa mwini wake, mwina sizikwana ndi 2 GB yomwe. Disk Cleanup imachotsa zinyalala za Windows mosaopsa. Zina zonse apete mwini wake ali pompo, atakhala pa mpando, akuloza yekha. Mmisiri asaweruze yekha kuti ichi n'chachabe. Vidiyo yosaoneka bwino ya mphindi 40 ingakhale chinkhoswe cha mlongo wake, kapena chithunzi chokhacho chotsala cha malemu mayi ake. Zosakwana pa SSD zisamutsidwire pa disiki ina yakunja, zitsegulidwe kumeneko kuti zitsimikizike, kenako ndiye zifufutidwe.

Popeta pamaoneka zambiri za eni ake: zithunzi, makalata, mapepala a malipiro, nthawi zina maina a odwala pa laputopu ya wazaumoyo. Dziko la Malawi lili ndi lamulo la zamakompyuta ndi intaneti la 2016, komanso lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, koma pamalo ngati Nsaru chilango chimafika lamulo lisanafike. Mmisiri amene chithunzi cha kasitomala chatulukira pa WhatsApp kudzera m'manja mwake, msika wonse umadziwa dzuwa lisanalowe, ndipo tebulo lake limauma.

Kuchepetsa mafayilo pakokha sikukwanira, ndipo ambiri amapunthwa apa. Disiki imagawidwa m'zigawo zimene amisiri amati mapatishoni, ndipo Disk Management imazionetsa zitandandalikana. Pa laputopu ya masiku ano pamakhala kachigawo ka EFI, ka 100 MB kapena kupitirirapo pang'ono, kamene kamadzutsa makina. Kenako C:, yaikulu. Ndipo kumapeto kwenikweni kachigawo ka Recovery kokonzera Windows ikasokonekera. C: ikhoza kukhala ndi katundu wa 150 GB yekha, koma malire ake n'kumafikabe pa 460 GB, ngati munda wa maekala 3 umene walimidwa ekala imodzi. Mapulogalamu ena oklonera amayang'ana mbewu, ena amayang'ana malire. Kwa oyang'ana malirewo, C: iyenera kufinyidwa mpaka zigawo zonse pamodzi zichepere SSD ndi magigabayiti angapo.

Asanafinye, mmisiri ayendetse chkdsk kuti zolakwika za m'kaundula wa mafayilo zikonzeke, ndipo aone ngati BitLocker ndi yoyatsa. Malaputopu ambiri ochokera m'maofesi ndi a Windows 11 amakhala okhomedwa ndi BitLocker mwini wake osadziwa. Kiyi yake ya manambala 48 ilembedwe papepala, kenako loko ameneyu achotsedwe ntchito isanayambe. Popanda kiyiyo, zinthu zikavuta palibe mmisiri wa ku Lilongwe kapena wa ku Joni amene angatsegule. Akasankha Shrink Volume, Windows nthawi zambiri imakana kufinya kupitirira malo ena, ngakhale mpata ulipo wambiri. Chifukwa chake ndi mafayilo amene sasuntha makina ali moyaka: hiberfil.sys, pagefile.sys ndi zosungidwa za System Restore, zokhala ngati zitsa pakati pa munda. Lamulo lakuti powercfg /h off limazula choyambacho. Pagefile ndi System Protection zimazimitsidwa kwa kanthawi m'masetingi. Makina akazimitsidwa n'kuyatsidwanso, kufinya kumapitirira. Zikakanikabe, GParted yoyatsidwa kuchokera pa fulashi imafinya Windows ili mtulo. Pali mwayi umodzi: amisiri a kuno amakonda kugawa disiki pawiri, C: ya Windows ndi D: ya katundu. Zikakhala choncho, kawirikawiri zimangofunika kuklona tizigawo todzutsira makina ndi C:, D: n'kuisiya pa disiki yakale.

Za pulogalamu yoklonera, yabwino ndi imene mmisiri akuidziwa. Ogula SSD ya Samsung ali ndi Samsung Data Migration. A Crucial ndi a Western Digital amapatsidwa Acronis True Image yaulere yogwira ndi madisiki awo okha. Zimenezi zimafinya zigawo zokha malinga katundu akukwana. Macrium Reflect yaulere, imene ambiri anaizolowera, eni ake anasiya kuisamalira kumayambiriro kwa 2024. Clonezilla, yochokera ku Taiwan, ndi yaulere ndipo sisankha mtundu wa disiki, koma mwachibadwa imakana kotula kochepa kuposa kochokera. Imalola pokhapokha munthu atalowa mbali ya akatswiri n'kusankha -icds, ndiponso zigawo zonse zikhale zikuthera m'kati mwa kukula kwa SSD. Ka Recovery kaja kakatsalira kumapeto kwa disiki ya 500 GB, kayenera kukokedwa ndi GParted kudzagundana ndi C:, apo ayi ntchito imalephera. Mapulogalamu obedwa, ogawana pa mafulashi ndi makiraki ake, asayandikire disiki ya kasitomala. Ambiri amabwera ndi matenda amene munthu akuthawawo.

Magetsi ndi nkhani ina, ndipo wa ku Nsaru safunika kuuzidwa. Aliyense akukumbukira mdima wa 2022, namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale chaka chimenecho, ndipo ngakhale masiku abwino magetsi a ESCOM amatha kuphethira chigayo chapafupi chikalizidwa kapena mvula ya mphenzi ikayamba. Pali kusiyana kumene wachinyamata ayenera kukumvetsa. Magetsi akathima pakati pa kuklona, chimene chawonongeka kawirikawiri ndi nthawi chabe, chifukwa disiki yakale imangowerengedwa, ntchito imayambidwanso. Koma akathima pakati pa kufinya kapena kusuntha chigawo, disiki yakaleyo ndiyo ikulembedwa, ndipo zonse zingasokonekere. Choncho kufinya kusayambike pa laputopu ya batire yakufa yodalira soketi yokha, ndiponso kusayambike zofunika zisanakoperedwe pena. Batire ya sola ndi inveta, yodzaza bwino, ndi yodalirika kuposa waya wa pamtengo. Nthawi nayo iwerengedwe: pa USB 2.0 katundu amayenda pafupifupi 30 MB pa sekondi, kutanthauza kuti 100 GB imatenga pafupifupi ola lathunthu, pamene pakabowo ka USB 3.0, kamene kawirikawiri kamakhala kabuluu m'kati, imatha msanga kwambiri. Makina aletsedwe kugona okha, ndipo aikidwe pa tebulo losagwedera, kutali ndi fumbi la mu Okutobala ndi zigongono za anzake a mmisiri obwera kudzacheza.

Pa ntchito yonseyi pali mphindi imodzi yoopsa kuposa zonse. Pulogalamu imafunsa kuti disiki yochokera ndi iti, yolandira ndi iti, ndipo yolandirayo imafufutidwa yonse. Wosemphanitsa amajambula SSD yopanda kanthu pamwamba pa zaka 10 za ntchito ya munthu. Mu Clonezilla madisiki satchedwa C: kapena D:, amatchedwa sda, sdb kapena nvme0n1, ndipo maina amenewa amasinthana malinga ndi mmene zalumikizidwira, moti fulashi yoyatsira Clonezilla nayo imakhala pamndandanda womwewo. Chodalira ndi kukula ndi dzina la wopanga: Seagate kapena Toshiba ya 500 GB ndiyo yochokera, Kingston ya 240 GB ndiyo yolandira. Mmisiri aloze ndi chala pa sikirini, awerenge mokweza, foni ikalira aisiye ilire. Clonezilla imafunsa kawiri ngati munthu watsimikiza, ndipo mafunso awiriwo si oyankha mwachizolowezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuklona kukatha, makina azimitsidwe, chaja ichotsedwe, batire nayo ichotsedwe kapena kachingwe kake kazulidwe, ndipo batani loyatsira lisindikizidwe kwa masekondi angapo kuti moto wotsalira uthe. Masikuluwu a laputopu amasiyana kutalika. Kujambula pansi pa laputopu papepala n'kuika sikuluwu iliyonse pamalo pake kumapewetsa tsoka lodziwika, la sikuluwu yaitali yolowa pa bowo lalifupi n'kutulukira pafupi ndi kiyibodi. Chivundikiro chitsegulidwe ndi kapulasitiki kolimba ngati khadi yakale ya ku banki, osati mpeni wa kukhitchini. SSD zambiri n'zopyapyala mamilimita 7 pamene madisiki ena akale ndi a 9.5, choncho kachitsulo kogwirizira disiki yakale kasamutsidwire pa yatsopano kuti isamagwedere.

Poyatsa koyamba, disiki yakale isakhale yolumikizidwa paliponse. Madisiki awiriwo tsopano ndi mapasa okhala ndi chizindikiro chimodzi, ndipo makina akawaona pamodzi angadzukire pa yakale kapena kubisa imodzi, mmisiri n'kumasangalala ndi ntchito imene sinayesedwe. Sikirini ikalemba kuti palibe disiki yoyatsira, si nthawi yofomata. Alowe mu BIOS aone ngati SSD ikuoneka ndiponso ili patsogolo pa mndandanda, aonenso kuti UEFI kapena Legacy zili monga zinalili. Zikakanika, fulashi ya Windows ili ndi Startup Repair, ndipo lamulo la bcdboot limamanganso zodzutsira makina. Za laisensi asade nkhawa: pa Windows 10 ndi 11 imamangiriridwa ku bolodi yaikulu ya laputopu, osati ku disiki.

Windows ikadzuka, zimene zinazimitsidwa zija ziyatsidwenso, makamaka pagefile ndi System Protection, ndipo C: itambasulidwe kuti idzaze mpata wotsala. SSD safuna difragi ya masiku akale. Windows imaizindikira yokha n'kumaisesa ndi TRIM. Mwini wake atsegule yekha mafayilo ake, apulinte tsamba limodzi, alowe mu pulogalamu imene amaidalira, zonsezi asanapereke ndalama. Auzidwenso zoona zake zonse. SSD siwonjezera RAM, ndipo laputopu ya 4 GB idzavutikabe akatsegula zinthu zambiri nthawi imodzi. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makina ambiri akaunjika a purosesa za Intel zakale kuposa m'badwo wa 8 saloledwa kulandira Windows 11. Disiki yatsopano sisintha zimenezo. Hadi disiki kawirikawiri imadwala molira n'kupereka mpata, koma SSD imatha kufa usiku umodzi osatsanzika, choncho zofunika zizikhala malo awiri.

Disiki yakale isafomatidwe tsiku lomwelo. Ikhale momwemo kwa masabata awiri kapena mwezi, mpaka mwini wake atatsimikiza kuti palibe chimene chasowa; pambuyo pake ikhoza kulowa m'kabokosi ka USB kaja n'kukhala nkhokwe ya mafilimu ndi zithunzi zimene sizinakwane pa SSD. Amisiri ena amangoiponya m'dirowa ngati basera ya ntchito yawo n'kudzaigulitsa kwa wina zinsinsi za munthu zili momwemo. Kumeneko ndi kuba. Disikiyo ndi ya mwini laputopu, ndipo mmisiri aibweze m'manja mwake itakulungidwa bwino, ndi kapepala kolembapo tsiku limene inachotsedwa.